Kambale ka M'filiji ya ku Najma

Mundikhululukire kuti munthu ngati ine ndagwira cholembera. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 pa sekondale yoyendera ya kwathu ku Ntchisi, ndipo ngakhale m'kalasimo sindinali mwana wokweza dzanja. Odziwa kulemba apeza zolakwika zambiri muno. Koma chibwerereni ku Qatar anthu akhala akunong'onezana za chinthu chimene ndinkasunga m'filiji kumeneko, ndipo pakamwa ndimalephera kufotokoza. Ndikati ndiyambe, mawu amandithawa. Ndiye ndati ndilembe pang'onopang'ono, monga mmene ndimachitira zinthu zonse.

Amene anandipezera njira anali Gift, mnyamata wa mudzi woyandikana ndi wathu, yemwe anali atakhala kale ku Doha akuyendetsa galimoto ya kampani. Atabwera ku holide anawauza amayi kuti mabwana a kumeneko amafuna anyamata ofatsa, osayankha, ndipo ine ndinabadwira ntchito yoteroyo. Amayi anamva ngati akunditamanda. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pa siteji, atandimangira bowa wofutsa m'kajumbo, wotola okha m'nkhalango ya kuphiri. Anangondiuza kuti ndizikamvera akuluakulu. Bowayo tinamudya sabata yoyamba, anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akudandaula kuti wachepa.

Tinkagona ku Najma, dera lina la mu Doha, m'chipinda cham'mwamba, pansi pake pali sitolo ya mipando yakale. Mabedi anali osanjikiza, ndipo ine monga wamng'ono ndinapatsidwa lapamwamba, pafupi ndi eyakoni yodontha. Filiji inali imodzi, yolira ngati chigayo chakutali. Aliyense ankalemba dzina pa kontena yake ya ndiwo, ndipo mikangano yambiri ya m'chipindamo inkayambira pa chitseko cha filijiyo. Woweruza anali a Mbewe, bambo a ku Mchinji a imvi m'mbali, amene ankagwira ulonda. Iwo akati khalasi, nkhani yatha.

Kampani yathu yokolopa inanditumiza ku nyumba ina yaikulu ya anthu ofufuza zam'nyanja, komwe a Mbewe omwewo ankalondera pa geti. Tsiku loyamba supavaiza anatiuza kuti tisakhudze makina alionse, tisatsegule chilichonse chotseka, ndipo iye akalankhula yankho lake ndi "Yes sir". Anzanga ankati malamulowo ndi aukapolo. Ine sanandivute. Ndinali nditawatsatira moyo wanga wonse popanda wondiuza.

Kumapeto kwa khonde limene ndinkakolopa kunali chipinda cha a Dokotala Hanan. Anali mayi wamfupi wochokera kumpoto kwa Afirika, wovala magalasi a chingwe, ndipo tiyi wawo ankazizira pa tebulo tsiku lililonse osamwedwa. Mmawa wina anandipeza nditaima ndi mopu, ndikuyang'ana botolo limene munali tinkhono tating'ono, tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Ndinapepesa msanga. Iwo anaseka n'kundifunsa ngati ndikudziwa komwe tachokera. Ndinati mwina ku nyanja ya pa Doha pomwepo.

Anati ayi, nyanja imeneyo ndi yosazama komanso yofunda. Nkhonozo zinachokera kutali kwambiri, ndipo zinatengedwa ndi makina otsitsidwa kuchokera pa sitima, pansi penipeni pomwe dzuwa silinafikepo chilengedwere dziko, pozizira ngati m'filiji. Kumeneko nthaka imatulutsa mafuta ndi gasi yokha, monga kasupe amatulutsira madzi, ndipo m'malo moti zamoyo zithawe, zina zimaunjikana pomwepo. Nkhonozo zimapumira tiziwalo tofanana ndi tija timachotsa m'mutu mwa nsomba pokonza, timene kwathu timati makha. Anandiuza kuti ndiike diso pa makina oonera tinthu tating'ono. Ndinakumbuka lamulo la supavaiza, ndipo ndinapinda manja kumbuyo kuti diso lokha ndilo likhudze.

Ndinaona timizere toyera, topyapyala, titayanga m'mapindi a makhawo. Ndinali nditationapo kale timizere totero. Amayi akazula ndelema ankandionetsa ulusi woyera wotsalira m'dothi, n'kunena kuti ndiwo mayi wake wa bowa, tiziukwirira. Mawu anangotuluka okha, ndinati bowa. Atandifunsa tanthauzo lake ndinafotokoza m'Chingelezi changa chopunduka, ndipo anagwedeza mutu. Anati ndi abale enieni. Bowa ameneyu amakhala m'makha a nkhono, ndipo iwo ankafuna kudziwa ngati amaidya nkhonoyo, kapena amaithandiza kupirira mafuta aja, kapena amangogonapo chabe, osaipweteka, osaithandiza.

Madzulo ndinawafotokozera anzanga. A Mbewe anati ngati ndi wongogonapo pa malo a mafuta a eni, ndiye kuti ndi Mmalawi, amufunse pasipoti. Gift anayamba kunditchula kuti Adokotala, ndipo dzinalo linakhazikika.

Vuto la a Dokotala linali kumumeretsa bowayo kunja kwa nkhono. Ankaphika chakudya chonga phala lopyapyala, cha madzi a m'nyanja, n'kuchithira m'timbale tapulasitiki tokhala ndi zivundikiro. Chikalimba ankaikapo kachidutswa ka makha n'kumata m'mbali ndi tepi. Koma bowa wa pansi pa nyanja ndi waulesi pokula. Kafumbi kamodzi kakagweramo pothira, kapena mpweya wa m'kamwa mwa munthu, chuku wamba chimamera msanga n'kumupha iye asanadzuke. Ophunzira awo ankathira uku akucheza, wina foni ili pa phewa. Timbale tinkatuluka tobiriwira, tina takuda, ndipo ine ndi amene ndinkatinyamula m'majumbo achikasu kupita nato ku mphika waukulu wa nthunzi umene amaphera zonse zotayidwa.

Tsiku lina ophunzirawo sanabwere, chakudya chija chili pafupi kulimba m'botolo. A Dokotala anayang'ana kukhonde, n'kutseka chitseko. Anandisambitsa m'manja ndi sipiriti, kundiveka magolovesi, n'kundionetsa kamodzi kokha. Ndinathira timbale tonse. Patapita sabata panalibe n'kamodzi komwe kochita chuku. Anandiyesanso, zinali chimodzimodzi. Anandifunsa chinsinsi changa, ndipo ndinati ndilibe. Anandiyang'anitsitsa ndikuthira ulendo wachitatu, kenako anati achipeza: ine sindilankhula, ndipo ndikatsegula chivundikiro ndimasiya n'kupuma komwe. Sindinkadziwa kuti ndimatero. Ndinkangoopa kulakwitsa.

A Mbewe ndinangowauza kuti a Dokotala akuti manja anga ndi abwino potsuka mabotolo. Iwo anali ndi maganizo awoawo. Anati kwawo mowa ndi mbiya sizifuna munthu wotentha, ndipo ine zikundiyendera chifukwa ndine wozizira, sindinayambe ndagogodapo pa khomo la mtsikana. Chipinda chonse chinaseka mpaka Gift anagwa pa bedi. Ine ndinakwera pamwamba n'kudzifunditsa.

Patapita miyezi, m'kambale kamodzi mwa timene ndinathira ine munaoneka kadontho kotuwa ngati phulusa, kochepa ngati njere ya mawere. Sabata ndi sabata kankakula pang'ono, mpaka kanafanana ndi batani la malaya. A Dokotala atakaona pa makina aja anakhala pansi, pa simenti yomwe ndinali nditangokolopa. Anali bowa uja. Anamugawa mu timbale titatu. Nkhono zinali zitatha zonse, ndipo sitima ija sinkayembekezeka kupitanso kumeneko. Timbale titatuto tinali bowa yense amene anali naye.

Tsiku lomwelo anandilonjeza. Anati akamaliza kumuyeza bowayo ntchito yawo ipatsidwa zaka zina, ndipo adzafunika wothandiza. Adzalemba kalata yoti ndichoke ku kampani yokolopa ndikhale wa mu labu, wa gauni yoyera, ndipo ndingathe kumaphunzira madzulo. Koma anandigwira pa mkono n'kunena kuti ndisauze munthu aliyense. Akuluakulu akadziwa kuti wokolopa ndiye wakhala akugwira timbale, ntchito yonse aikayikira, ndipo tonse awiri tidzakhala pa mavuto. Ndinalonjeza. Amayi ndinangowauza pa foni kuti zinthu zisintha. Iwo anati akupemphera, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anauza a mvano onse.

Nthawi yotentha itafika, pamene kunja kumakhala ngati wayandikira uvuni wa njerwa, mabwana ambiri anapita kwawo. A Dokotala anachoka mofulumira chifukwa bambo awo anadwala. Anati adzatha miyezi iwiri. Timbale tija tinali mu kabati yaing'ono yozizira, yamdima mkati, pakona pa chipinda chawo. Kabatiyo inali yakale. Magetsi akangophethira inkazima, osadzukanso mpaka munthu adine batani lobiriwira kumbuyo kwake. Ku ofesi anali atanena kangapo. Ntchito yanga inali kuiona mmawa uliwonse, kudina batani ngati yazima, ndi kusuzumira timbaleto osatitsegula. Anati bowayo kutentha sakupirira, tsiku limodzi kapena awiri basi.

Masabata atatu zinayenda. Kawiri ndinaipeza itazima, ndinadina. Kenako mmawa wina, tikutsika basi, supavaiza anandiloza n'kunena kuti kuyambira mawa ndikagwira ku nyumba za mabwana ku Al Markhiya, ndipo khadi langa la pa geti ndilipereke madzulo. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti "Yes sir".

Tsiku limenelo ndinakolopa khonde limodzi katatu. Ndinatumiza uthenga kwa a Dokotala, koma nambala yawo ya ku Doha inali yozima, uthengawo sunafike. Wolowa m'malo mwanga anali mnyamata wa ku Nepal, wofika kumene, ndipo tinalibe chilankhulo chogwirizana. Ndinamutengera pa kabati, kumuonetsa batani, kuchita ngati ndikudina. Anabwerera m'mbuyo akugwedeza manja. Malamulo aja anali atamuuza dzulo lake. M'chipinda choyandikana munali bambo wina wofufuza amene sanapite ku holide. Ndinaima pa khomo pake ndi mopu nthawi yaitali, ndikukonza mawu m'mutu. Koma ndinkaona kuti akandifunsa chifukwa chimene wokolopa akudziwira za kabatiyo, ndidzaulula zonse, pakuti kunama sindinkatha. Atatukula mutu n'kundifunsa chimene ndikufuna, ndinati ndabwera kudzatenga zinyalala.

Ndinatenga kambale kamodzi. Ndinaganiza kuti kutenga tonse titatu ndi kuba, koma kamodzi ndi kusungira mwini wake, monga mmene munthu amasungira mbewu ya mnzake nkhokwe ikamadontha. Ndinakaika m'bokosi langa la chakudya pamodzi ndi botolo la madzi oundana. Pa geti lamulo linali loti zikwama zonse zisechedwe. A Mbewe anasecha anzanga awiri amene anali patsogolo, koma atafika pa ine anangondikankha pa phewa.

"Dutsa mphwanga. Iwe ungabe chiyani, mopu?"

Kunyumba ndinakumbuka kuti bowayo amafuna mdima, ndipo filiji yathu inkatsegulidwa kosalekeza. Ndinalowetsa kambaleko m'sokosi yakuda yochapa bwino, n'kuika m'kontena ya majarini, n'kulembapo dzina langa. Ndinaikankhira kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa nyemba za a Mbewe. Mmawa uliwonse basi isanabwere ndinkagwada pa filijipo, kusolola kambaleko pang'ono, kukayang'ana nditagwira mpweya, n'kukabwezera. Bowayo anali bwino. Ndinkaona ngati akukula kumene. Ku Al Markhiya ndinkatsuka matayilosi a m'mabafa a anthu ndikuwerenga masabata otsala.

Nthawi imeneyo Gift anali akutsokomola. Chifuwacho chinayamba kambale kasanabwere, ndipo tonse tinkadziwa, koma tsopano chinakula, thupi n'kumatha. Nthawi yake yokayezedwa kuchipatala kuti mapepala ake awonjezeredwe inali itayandikira, ndipo aliyense kumeneko amadziwa chimene chimachitika munthu akapezeka ndi vuto la m'chifuwa: amamubweza kwawo. Anasiya nthabwala. Ankakhala pa bedi n'kumangotiyang'ana.

Linali Lachisanu, tsiku lathu lopuma, titangomaliza kudya masana. Ine ndinali ku bafa kuchapa yunifolomu. Pobwera ndinapeza onse akhala pa mabedi apansi. Gift anaima pakati pa chipinda. Kontena yanga inali pansi yotsegula, sokosi ili padera, kambale kali m'manja mwake.

"Adokotala, tabwerani mutiuze. Ndiwo zanji izi?"

Ndinaona kuti tepi ya m'mbali ikadalipo. Ndinati, "Achimwene, chonde musatsegule."

"Mwamva? Akuti tisatsegule." Anatembenukira kwa anzathu, kenako kwa ine. "Ndakhala ndikukuona, aise. Mmawa uliwonse kugwada apa, kamwa ili chitsekere, ngati ukupereka nsembe. Chinthu chokulunga m'nsalu yakuda. Ine ndi amene ndinakubweretsa kuno. Medikolo yanga ndi next week. Puromoshoni yako imene akuikamba kumudziyo ukufuna idutsire pa chifuwa changa?"

A Mbewe analankhula mofatsa. Anati kuchilendo kuno zokhwima sitikuzifuna, ndipo ngati pali munthu anandipatsa chinthucho kumudzi ndingonena, tikachitaye mwaulemu, nkhani ithere m'chipinda momwemo. Anandiuza kuti ndiyankhe.

Ndinayang'ana pansi. Ndinkamva dzanja la a Dokotala pa mkono panga. Ndinaganiza kuti ndikapirira pang'ono atopa, monga mmene anthu ankatopera nane kusukulu. Ndinangomva kulira kwa tepi. Gift anaikanda ndi chikhadabo, n'kuchotsa chivundikiro, n'kufikitsa kambaleko pa mphuno. Chifuwa chinamugwira pomwepo, ndipo anatsokomolera momwemo kawiri. Kenako anatenga kamtengo ka machesi n'kumutokosa bowayo kuti aone ngati pansi pake pali tsitsi kapena mkanda.

Apo m'pamene ndinalankhula. Ndinanena zonse, za nkhono, za kabati, za kalata, mawu akugundana. Chinsinsi chimene ndinakana kuchiulula kuti ndipulumutse bowayo ndinachiulula atamutsegula kale.

Gift anaika kambaleko pansi msangamsanga n'kupukuta manja pa buluku. "Ndiye kuti si mankhwala, ndi majeremusi a ku labu. Pamodzi ndi nyemba zathu. Bola chikanakhala chithumwa."

Ena anaseka pang'ono, koma a Mbewe sanaseke. Anandifunsa tsiku limene ndinatuluka nako. Ndinawauza.

"Pa geti liti?"

"Lanu."

"Ndinakuuza kuti dutsa. Ana anga awiri ali ku sekondale chifukwa cha geti limene lija. Zikadziwika, wokwera ndege ndine, osati dokotala wakoyo. Unaganizapo zimenezo?"

Sindinali nditaganizapo. Ndinkaganiza za bowa yekha.

A Mbewe anagamula kuti kambaleko sikabwereranso m'filiji ya zakudya, koma sanalole kuti katayidwe. Anati mwana walakwa kale, mulekeni amalize kulakwa kwakeko. Ndinakatseka, kukamata ndi tepi ya magetsi, n'kukaika m'ndowa pansi pa bedi la m'munsi, pakati pa mabotolo a madzi oundana. Ndinkasintha mabotolowo mmawa ndi madzulo, koma pobwera ku ntchito ndinkapeza onse asungunuka, madzi ali ofunda.

Tsiku lachinayi ndinaona timadontho tiwiri m'mphepete, toyera ngati thonje. Ndinadzinamiza kuti ndi ana a bowa uja. Mawa lake tinali titabiriwira. Mtundu umenewo ndinkaudziwa bwino, ndinali nditaunyamula m'majumbo achikasu chaka chathunthu. Ndinayesa chimene ndikanatha. Anzanga atachoka ndinazimitsa eyakoni, kuwotcha lezala pa moto wa gasi, kugwira mpweya, n'kudula malo obiriwirawo. Patapita masiku awiri timadontho tinali paliponse pomwe lezalalo linadutsa. Bowa amene anatenga miyezi kuti afanane ndi batani anakwiriridwa m'sabata imodzi. Ndinapitirizabe kusintha mabotolo. Ndinkati mwina pansi pa chukucho patsala kachidutswa kamoyo kamene a Dokotala angakapeze ndi makina awo.

Gift anapita kokayezedwa, ndipo anamuuza kuti abwerere kwawo. Tinamunyamulira zikwama mpaka pa msewu. Anagwirana chanza ndi onse. Atafika pa ine anandiyang'ana, n'kunena kuti ndikawapatse moni a nkhono. Sindinadziwe ngati inali nthabwala. Kuyambira pamenepo palibe anandinenapo kanthu m'chipindamo, koma kontena yanga ya ndiwo inkakhala yokha pa shelefu yake, zina zonse zitapanikizana pamwamba.

A Mbewe anakhala masabata osandilankhula. Mmawa wina akumanga zingwe za nsapato, osandiyang'ana, anati dokotala wanga wabwera, ndipite Lachiwiri nthawi ya chakudya chamasana, pamene mkulu wa alonda sakhalapo. Ku Al Markhiya ndinanena kuti mutu ukundipweteka. Linali bodza langa lenileni loyamba ku Qatar, ndipo anandikhulupirira mosavuta.

A Dokotala anatuluka kudzandipeza pa geti. Anali ataonda, atavala zakuda. Bambo awo anali atamwalira. Ndinawapepesa monga timachitira kwathu, ndipo anathokoza. Kenako anandiuza kuti kabati anaipeza yozima, yofunda mkati, ndipo palibe akudziwa kuti inazima liti. Timbale tiwiri tija tinali titauma. Ankaganiza kuti kachitatu kanatayidwa ndi wokolopa watsopano. Ndinatsegula bokosi langa la chakudya n'kuwapatsa.

Nkhope yawo inawala kanthawi kochepa, asanachotse sokosi. Zimenezo ndi zimene zimandipwetekabe. Anakweza kambaleko kudzuwa, kukatembenuza uku ndi uku, kufunafuna pamene patsala potuwa. Anati ichi ndi chuku cha pa buledi, ndipo pansi pake sipangakhale kanthu. Anafunsa amene anatsegula. Ndinati ndine, pakuti nanenso ndinatseguladi. Anafunsa chifukwa chimene sindinawauzire bambo a m'chipinda choyandikana aja za batani. Ndinati munati ndisauze munthu.

Anavula magalasi n'kutseka maso ndi dzanja.

"Mwana wanga, pa nkhani ya batani ukanangoima m'khonde n'kukuwa. Aliyense akanadina."

Za kalata sindinafunse. Ananena okha tikuyenda m'khonde, atandilembetsa pa geti ngati mlendo wawo. A Mbewe ndi amene anandipatsa khadi la alendo, ndipo ulendo uno anasecha bokosi langa bwinobwino, ngakhale munalibe kanthu. A Dokotala anati popanda bowayo palibe choyeza, ntchitoyo itsekedwa, ndipo iwonso achoka chaka chikamatha. Sipadzakhala labu yoti ndithandizemo. Anati sadzauza munthu za kambale kotuluka pa geti, ndipo cholakwa chachikulu ndi chawo, posenzetsa mwana katundu n'kumumanga pakamwa. Ndinati ayi, cholakwa ndi changa. Tinakanirana pang'ono, kenako tinaleka, chifukwa sizikanadzutsa kanthu.

Ndinamaliza kontirakiti yanga ku Al Markhiya, ndipo kampani sinandiwonjezere ina. Nditafika kumudzi ndinapeza nkhani yanga inafika kale. Gift anali akumwa mankhwala a kuchipatala ndipo thupi linali likubwerera. Iye mwini timapatsana moni tikakumana pa msika, ndipo sindikhulupirira kuti ananena zonse zimene anthu akunena. Koma nkhani ikadutsa m'midzi iwiri imasintha. Akuti ndinali ndi kanthu ka pansi pa nyanja kamene ndinkakadyetsa m'filiji, kokoka mwayi wa anzanga. Ena akuti kanali ndi maso.

Amayi anandilandira bwino, analira ndithu. Mawa lake anatenga chikwama changa kuti akachape zovala za paulendo, ngakhale zinali zochapa kale. Zonse zinabwera zopindidwa bwino, koma masokosi anga akuda sindinawaonenso. Ana a mlongo wanga akabwera ndikuwapatsa chakudya, amayamba ayang'ana kaye kwa mayi awo. Mvula itagwa ndinawatsatira amayi ku nkhalango monga kale. Nditazula ndelema ndinawaonetsa ulusi woyera uja m'dothi, ndikufuna ndiyambire pamenepo kuwafotokozera. Anandiyang'ana, kuyang'ana ulusiwo, n'kunena kuti tifulumire mvula ikubwera. Ndinaukwirira n'kuwatsatira.

Tsono kwa amene akufuna kudziwa komwe ndinachibisa chinthucho, sichili m'nyumba mwa amayi, sichili kumunda, ndipo sindinabwere nacho. Anali bowa wa m'makha a nkhono, ndipo sanadwalitse munthu. Kaya nkhonoyo ankaidya, kaya ankaithandiza, kaya ankangogonapo, ine sindidzadziwa. Tsiku lija a Dokotala anandipatsa jumbo lachikasu, ndinaikamo timbale tonse titatu, ndipo tinapita limodzi ku mphika wa nthunzi. Ndinaliika mkati n'kutseka chitseko. Ndinabwerera m'mbuyo kuti adine okha, pakuti wokolopa sakhudza makina, koma anati lero ndine mlendo, ndidine ine. Ndinadina. Linali Lachiwiri, pa 3 Sepitembala, 2024.